Galimoto Yoyera Pakhomo pa Achemwali

Achemwali anga anayamba kuiwala chaka chimene ine ndinasiya kucheka matabwa kuphiri. Poyamba zinali zazing'ono. Kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Kuika kiyi wa nyumba m'thumba la ufa. Kenako tsiku lina anatsikira kumtsinje kukachapa, osabwerako. Anthu anawapeza dzuwa litapendeka atakhala pamwala, zovala zili zouma m'beseni, akufunsa njira ya ku Sadzi. Ku Sadzi n'kumene anabadwira, n'kumenenso amakhala.

Ine ndine wamng'ono kwa iwo, koma mwamuna ndine ndekha m'mimba mwathu. Choncho mbumba ndi yanga. Amuna awo anamwalira kale. Ana awo aamuna anakakwatira kutali. Pakhomo panatsala mwana wamkazi mmodzi, telala, wosoka pakhonde ndi makina opalasa. Ndiye ankawasambitsa mayi ake, kuwadyetsa, ndi kuwabweza akayamba ulendo wosadziwika. Ine ndimakhala ku Likangala, kwawo kwa akazi anga, monga mkamwini aliyense. Ku Sadzi ndinkangopita kukaona.

Amayi athu nawonso anamwalira akuiwala. Nthawi imeneyo anthu sankati ndi matenda. Ankatchula mawu ena amene sindilemba pano.

Tsiku lina mwana wa achemwaliyo anabwera kwathu. Anagwada patali.

"Amalume, kuchipatala takumana ndi anthu a kafukufuku. Akufuna achikulire oiwala pamodzi ndi abale awo. Akuti akufufuza chimene chimayambitsa."

"Apereka mankhwala?"

"Ayi. Koma ayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Akapeza vuto atiuza kopita."

"Ndiye phindu lake n'chiyani?"

"Akuti ndi la am'tsogolo."

Ndinati abwere. Sindinaganize zambiri.

Anabwera pa galimoto yoyera. Msewu wa kwa achemwali unakumbika ndi madzi otsika kuphiri, ndiye galimoto inaima pamjigo, pamene mudzi wonse umatunga. Anatsika amayi awiri, wina wamkulu wa magalasi, wina wachitsikana wonyamula bokosi. Amayi a pamjigo anasiya kupopa.

Anafunsa zambiri. Achemwali anasenza nkhuni kuchokera kuphiri zaka zingati. Khitchini ili ndi zenera kapena ayi. Madzi akumwa amachokera kuti. Fodya wa m'mphuno. Kachasu. Ngati anagwapo n'kumenya mutu. Mwana ndiye ankayankha, mwini wake akungomwetulira alendo. Analowa m'khitchini, nayang'ana mwaye kudenga, napachika kachipangizo koyeza utsi pamsomali. Pomaliza anatenga magazi m'timabotolo, a mayi ndi a mwana.

Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Mayi wa magalasi uja anabwera.

"Inunso bambo, mungalole?"

"Ine ndangobwera kudzayang'anira. Mbumba ndi iyo."

Anandiyang'ana pang'ono. Sanatsutse.

Nthawi yomweyo mwanayo anali ndi chibwenzi. Mnyamata wa ku Songani, wokonza njinga zamoto. Amalume ake, omwe ndi nkhoswe yake, anali atafika kale kwa ine kudzafunsira mbeta, ine n'kuvomera. Chinkhoswe tinapangana kuti chikhale tikakolola. Mnyamatayo anali ataumba njerwa kuseri kwa nyumba ya achemwali, poti mwambo wathu mwamuna amamanga kwa mkazi. Ine zinandikomera. Mwana akwatiwa, mayi ake sasowa wowayang'anira.

Nkhani ya pamjigo inayenda msanga kuposa galimotoyo. Inafika ku Songani.

Amalume a mnyamata anafika kwathu pakati pa sabata, osatumiza uthenga. Munthu wamtali, wogulitsa nyemba ndi nandolo pamsika. Anatsamiritsa njinga pakhoma. Akazi anga anabweretsa madzi, iwo anati akhuta.

"Tamva kuti mwana wathu watengedwa magazi," anatero.

"Inde."

"Akudwala?"

"Ayi."

"Munthu wosadwala amatengedwa magazi?"

"Ndi kafukufuku."

"Bambo, ine sukulu sindinapite patali, koma kuwerenga anthu ndimatha. Agogo ake anaiwala. Mayi ake akuiwala. Lero galimoto yabwera kudzatenga magazi a wachitatu. Ife tiziti chiyani? Tsiku lija ndinakufunsani za matenda a pamtundu. Munati khunyu mulibe, misala mulibe."

"Mulibedi."

"Nanga izi?"

"Uwu ndi ukalamba."

"Ukalamba sautumizira galimoto. Agogo anga anafa opanda dzino ndi limodzi, koma mbuzi zawo ankazidziwa zonse."

Iwo anaimirira nagwira njinga.

"Katengeni yankho la magaziwo. Akati mwana alibe kanthu, chinkhoswe chilipo. Apo ayi, tikambirana zina. Mwezi uno usathe."

Mawa lake ndinakwera ku Sadzi kukamuuza mwanayo. Ndinamupeza akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu. Ndinanena zonse, osachotsera. Iye sanasiye kupalasa.

"Mukanakana, amalume."

"Unabwera nazo ndiwe."

"Ndinabwera kudzafunsa mwini mbumba."

Singano inathyoka. Anaichotsa, naika ina.

"Mnyamatayo akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Foni akuyankha. Koma mawu ake ndi ochepa. Akuti amalume ake ndiwo adziwa."

M'nyumba achemwali ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, mzere umodzi womwewo, kubwerezabwereza.

Ndinapita m'tauni, ku ofesi ya anthu a kafukufuku aja. Ndinakhala pabenchi mpaka mayi wa magalasi anatuluka. Anandikumbukira. Anandilowetsa m'kachipinda, natseka chitseko.

"Ndabwera kudzatenga yankho la magazi a mwana."

"Za shuga ndi kuthamanga kwa magazi tinamuuza mwini wake tsiku lomwelo. Zinazo zilibe yankho la munthu mmodzi, bambo. Tinafotokoza tisanayambe."

Anafotokozadi. Ine ndinali pansi pa mapeyala.

"Magazi aja amapita ndi nambala, osati dzina," anapitiriza. "Timawaika pamodzi ndi a anthu ambiri, oiwala ndi osaiwala, n'kuona chimene oiwalawo akufanana. Ndi ntchito ya zaka."

Ndinawauza za chinkhoswe. Anavula magalasi nawaika patebulo.

"Pepani. Galimoto ija sitikanaimika pamjigo."

"Zachitika kale. Lembani kuti mwanayo alibe."

"Sindingalembe chimene sindikudziwa."

"Ndiye lembani kuti ali nawo, ndidziwe chochita."

"Nachonso sindikudziwa. Palibe akudziwa. Alipo ambiri amene makolo awo anaiwala koma iwo amakalamba ndi nzeru zawo. Alipo ena amene kwawo kulibe woiwala koma iwo amaiwala. Magazi ndi mbali imodzi chabe. Mbali ina ndi mmene munthu wakhalira moyo wake wonse. Utsi, mowa, magazi othamanga osamwera mankhwala, kuvulala mutu. N'chifukwa chake tinalowa m'khitchini. Tikufuna tidziwe mbali iti ikulemera bwanji kuno kwathu."

Ndinafuna kuimirira. Iwo anandiletsa ndi funso.

"Inu ndi achemwali anu, mayi ndi mmodzi?"

"Mmodzi."

"Nanga tsiku lija munakaniranji?"

"Ine ndine mwamuna. Mtundu umayenda ndi akazi."

"Munda umayenda ndi akazi. Mbumba imayenda ndi akazi. Koma magazi satsata mwambo umenewo. Mwana aliyense amatenga kwa mayi, amatenganso kwa bambo, mofanana. Inu muli pafupi ndi mayi anu chimodzimodzi achemwali anu. Ndipo ana anu anatenga kwa inu."

Ana anga ndinkawawerenga a mtundu wa akazi anga. Akadwala, amalume awo ndiwo ankauzidwa poyamba. Za kuiwala kwa amayi athu ndinkaziona ngati katundu wa achemwali ndi mwana wawo wamkazi, ine wongothandiza kusenza. Sindinaganizepo kuti katunduyo angakhale m'nyumba mwanga.

Ndinapinda mkono wa malaya. Chifukwa chake sindichidziwa bwino mpaka lero. Mwina mkwiyo.

"Tengani."

"Simukukakamizidwa, bambo. Ndipo inunso simudzalandira yankho."

"Ndamva. Tengani."

Anayamba afotokoza zonse kachiwiri, ine n'kumva nthawi ino. Anandifunsanso za utuchi wa matabwa, za fodya, za tsiku limene mtengo wa paini unandigwera paphewa. Kenako mtsikana uja anabwera ndi singano. Potuluka mayiwo anati akhoza kukalankhula ndi akuchimuna, mwanayo akalola. Ndinakana. Galimoto yoyera ikanaima pa Songani, nkhani ikanathera pomwepo.

Ndinabwerera wapansi. M'njira ndinayamba kudziyesa. Ndinatchula mumtima anzanga amene ndinkacheka nawo matabwa, mmodzimmodzi. Wina, wamfupi, wa chala chodukira, amene tinkagwira naye sowo imodzi, iye pansi m'dzenje ine pamwamba, dzina lake silinabwere. Nkhope ndinkaiona. Ndinaima pamlatho kulifunafuna. Linabwera ndili pafupi kufika kunyumba. Thukuta linali litanyowetsa malaya.

Akazi anga anaona thonje pamkono.

"Icho n'chiyani?"

Ndinawauza. Anasiya kupeta mpunga.

"Mwapereka magazi inu? Kuti anthu azinena chiyani? Zakwanu zikhale kwanu. Ana anga musawalowetsemo."

"Akuti alimo kale."

"Akuti ndani? Anawabereka ndi iwowo?"

Ananyamula lichero nalowa m'nyumba. Tsiku limenelo ndinadya ndekha.

Tinakumana Lamlungu masana ku Sadzi, pakhonde pa achemwali. Amalume a mnyamata anabwera ndi mlongo wawo, mayi ake aang'ono a mnyamatayo, mayi wonenepa wa maso akuthwa. Kumbali kwathu ndinali ndekha. Mwanayo anali m'nyumba ndi mayi ake, kuti asatuluke.

"Yankho lili kuti?" anayamba amalumewo.

"Palibe."

"Akukanizani?"

"Alibe. Akuti palibe munthu angadziwe, ngakhale iwowo. Akuti ndi ntchito ya zaka."

"Ndiye anatengeranji magazi? Akumwa?"

Mlongo wawo anawagwira bondo. Ine sindinaseke.

"Nanenso ndapereka anga," ndinatero. "Akuti magazi sayenda ndi akazi okha. Amayenda ndi amuna omwe. Ngati m'nyumba muno muli chinthu, mwa inenso chikhoza kukhalamo, ndi mwa ana anga."

"Ha! Ndiye mwabwera kudzatiuza kuti moto wagwira ndi nyumba yachiwiri?"

"Ndabwera kudzanena chimene ndamva. Kwa bambo ake a mnyamata wanuyo mukudziwako? Anakalamba bwanji anthu amenewo?"

"Amenewo sitiwawerenga."

"Nanenso ndinkatero."

Anakanda chibwano. Anayang'ana mlongo wawo. Mlongoyo anati bambo a mnyamata anachokera kutsidya kwa malire ali wamng'ono, abale awo palibe anawaonapo.

Pomwepo chitseko chinatseguka. Achemwali anatuluka, nsalu itamangidwa mokhota, mwana akuwakoka dzanja kumbuyo. Anagwada bwinobwino napereka moni kwa alendo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, amayi abwerako kuphiri? Mvula ikubwera, nkhuni zinyowa."

Kumwamba kunalibe mtambo. Amayi athu anagona m'manda ine ndisanamere imvi.

"Abwera, achemwali. Lowani."

Analowa. Mayi wonenepa uja ankayang'ana chitseko, kenako anayang'ana khitchini.

"Akuti analowanso mmenemo," anatero. "Anapachikamo chinthu. Magazi ndi khitchini zikugwirizana bwanji?"

Ndinaona ngati mpata wapezeka. Ndinafotokoza mmene ndinamvera, kuti si magazi okha. Akufufuzanso malo ndi makhalidwe, utsi, madzi, ntchito imene munthu wagwira. Ndinati achemwali anasenza nkhuni kuphiri moyo wawo wonse, naphika m'khitchini yopanda zenera, monga amayi athu. Mwanayu ndi telala. Moyo wake ndi wina.

Ndinkati ndikumupulumutsa. Amalumewo anawongoka pampando.

"Ndiye pali ziwiri. Magazi ndi malo."

"Ndi mmene akunenera."

"Chabwino. Za magazi inu simukudziwa, ife sitikudziwa, a galimoto sakudziwa. Tizisiye m'manja mwa Mulungu. Koma malo tikhoza kusintha. Mwana wathu sadzamanga pano. Tikupempha chitengwa."

Chitengwa ndiko kuti mkazi achoke kwawo akakhale kwa mwamuna. Kwathu zimachitika, koma mwini mbumba akalola.

"Sananene kuti nyumba ino ndi yoipa," ndinatero. "Ku Songani mumaphikira magetsi?"

Mayi uja anaseka, nadzigwira pakamwa. Amalumewo sanaseke.

"Utsi wa kwathu sunaiwalitsepo munthu. Pano agogo, pano mayi, bwalo lomweli, khitchini yomweyi. Ine mphwanga ndi ana ake sindiwaika pano. Mukalola chitengwa, chinkhoswe chili pomwe tinapangana, ndipo za magazi simudzazimvanso pakamwa panga. Mukakana, tisiyane bwino lero lomwe."

Ndinayesa kunena zina. Ndinati adikire achemwali apume kaye. Iwo anati munthu woiwala akhoza kukhala zaka, thupi lili lolimba, ndipo mnyamata sangadikire maliro kuti akwatire. Zinali zoona. Ndinati Sadzi ndi Songani si kutali. Iwo anati n'chifukwa chake sakuona chovuta.

Ndinapempha kuti ndikambe ndi mwana. Tinapita kuseri, pamene panali njerwa zija, zofundiridwa udzu. Anali atamva zonse. Makoma a nyumba imeneyo sabisa mawu.

"Ukuti bwanji?"

"Amayi atsala ndi ndani?"

"Sindinakufunse zimenezo. Mwamunayo ukumufuna?"

Ankakumba dothi ndi chala cha kuphazi.

"Ndikakana uyu, wina sabwera, amalume. Pamjigo akunditcha kale wa magazi."

"Ukumufuna kapena ukuopa?"

"Ndikumufuna."

"Basi."

"Koma amayi usiku amadzuka. Sadya akapanda kukhala nawo pafupi. Sopo amamuika m'kamwa. Inu simukudziwa."

"Ndidziwa. Mbumba ndi yanga."

Ndinabwerera pakhonde. Ndinati chitengwa ndalola. Ndinaonjeza chimodzi, kuti mwanayo asadzaletsedwe kudzaona mayi ake tsiku lililonse limene wafuna. Anavomera. Tinagwirana chanza. Nthawi ino madzi anamwa.

Madzulo ndinatsikira ku Likangala. Ndinali nditalonjeza chinthu chimene sindikanatha ndekha. Kugona pakhomo pa achemwali ndikhoza. Kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kutseka chitseko ndi waya, ndikhoza. Koma mwamuna sasambitsa mlongo wake. Savula mlongo wake nsalu yonyowa. Zimenezo kwathu kulibe, ngakhale pa matenda.

Ndinawauza akazi anga madzulo omwewo, ndili chiimire.

"Ndiye mwagulitsa mwana, mwagula ntchito," anatero.

"Mwana akwatiwa."

"Nanga wosambitsa alamu ndani? Inu?"

Mpaka kukolola nkhani imeneyi sinatchulidwenso m'nyumba mwathu. Ndinkafuna kupempha, pakamwa osatseguka. Munthu amene anati zakwanu zikhale kwanu umamupempha bwanji?

Chinkhoswe chinachitika. Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi. Achemwali tinawaveka chilundu chatsopano, anakhala kutsogolo, naomba m'manja pamodzi ndi anthu. Anandifunsa kuti akukwatiwayo ndi mwana wa ndani, wokongola chotere. Madzulo makina osokera anakwezedwa pa galimoto ya matola, mwana n'kupita ku Songani. Ine ndinayala mkeka pabalaza pa achemwali.

Kutacha ndinawapeza atadziipitsira. Anakhala pamphasa akulira ngati kamwana, akuitana mwana wawo. Ndinatenthetsa madzi, ndinakaika madziwo kubafa. Kenako ndinaima pabwalo ndi beseni lopanda kanthu m'manja. Ndinaganiza zokagogoda kwa mayi woyandikana nawo, mmodzi wa amayi a pamjigo aja.

Ndisanasunthe ndinaona munthu akukwera njira ya kumunsi, kathumba m'manja. Anali akazi anga. Anandidutsa osapereka moni. M'kathumbamo munali sopo ndi nsalu ziwiri zakale.

"Ndabwera kudzasambitsa alamu anga," anatero ali pakhomo. "Osati kudzakhala. Masana ndibwerera kwathu. Inu chokani apa, pitani kuseri."

Ndinapita kuseri. Ndinamva akuwadzutsa, akuwatsogolera kubafa pang'onopang'ono. Madzi anayamba kukhuthuka.

"Ndinu ndani, mayi?" anafunsa achemwali.

"Kwezani mkono, alamu," anatero akazi anga. "Winawo."